Mutu 5: Kachala ka Amayi

1. Foni ya anthu awiri

Kadontho analibe foni. Tiyambire pamenepo kaye, chifukwa mukamva mmene ankatchukira kusukulu mungaganize kuti mtsikanayu anali ndi foni ija ya makamera atatu kumbuyo. Ayi ndithu kkkk. Foni inali ya mayi ake. Yakuda, yosweka pakona, batire lotupa moti chivindikiro ankachimanga ndi labala ya tsitsi.

Koma pa foni yomweyo mtsikana ankajambula anthu, inu! Osati ndi kamera ayi. Ndi zilembo. Ziro awiri ndi kamzere pakati, O-O, magalasi atheka. Ma @ mbwee pamwamba, tsitsi limenelo. Mabulaketi uku ndi uku, masaya. Ankangodina, kufufuta, kusuntha kadontho kamodzi, kenaka munthu uja wangotulukira pa sikirini, mpaka kumuopa.

Anajambulapo aphunzitsi a masamu ndi khosi lawo lalitali la ma I okhaokha, kalasi yonse inafa nako kuseka. Anajambulanso agadi a pageti la kumene ankakhala akuwodzera, ma z akutuluka m'chipewa. Agadiwo ataona anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe, chipewacho wachikongoletsa kuposa chenichenichi," anatero.

Kadontho ndi mayi ake ankakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya Madamu. Bedi limodzi, mbaula pakhomo, sutikesi pansi pa bedi. Mayi ankachapa, kusita, kukolopa ndi kuphika m'nyumba yaikuluyo kuyambira Kadontho ali kumsana. Bambo adamwalira kalekale. Kwina kopita kunalibe.

Ndiye pali chinsinsi. Mayi ake Kadontho sankatha kuwerenga. Palibe ankadziwa m'mpanda monsemo kupatula mwana wawoyo.

Kale sizinkavuta, Madamu akafuna chinthu ankangoimba. Koma chaka chatha Madamu anadwala sitiroko, pakamwa panakokedwera mbali imodzi, mawu nkumatuluka mokoka. Anayamba kuyenda ndi kampango kophimba pakamwa. Anachotsetsa galasi la m'kolido. Kuimba foni anasiyiratu, akakhala ku shopu kwawo amangolemba.

Apa mpamene Kadontho anatsegula sukulu ya maemoji, wophunzira mmodzi, mayi ake kkkk.

"Uthenga ukakhala waufupi, imeneyo ndi ntchito. Mudine kachala aka koloza kumwamba, ine ndikaweruka ndikuwerengerani. Ukakhala wautali, wa zinyalala zambirimbiri, ndi nthabwala zotumizirana zija. Mudine kachala ndi kankhope aka koseka mpaka misozi. Anthu amasangalala."

Anawakulitsira zilembo zonse kuti aziona bwino, chilembo chimodzi ngati nyemba. Mayi anakhoza mayeso tsiku lomwelo. Kachala anakakonda zedi. Ngakhale uthenga wa kampani ya foni ankaupatsa kachala.

2. Ukasekere ku chimbudzi

Tsiku lililonse Kadontho akaweruka, mayi ankamupatsa foni kuti awerenge mauthenga. Akatha, foni inkakhala yake mpaka mpunga upse.

Lachiwiri limenelo mayi anaigwira kaye foniyo osaisiya.

"Tamvera mwanawe. Foni imeneyi ili ndi dzina langa. Chilichonse chotuluka mmenemu anthu sanena kuti watumiza Kadontho, amati ndatumiza ine. Zimene umadinazo ine sindiziona. Ndimangokumva ukuseka wekha ngati wazungulira mutu. Seka, sindikuletsa. Koma m'mpanda muno ndife alendo. Chipinda si chathu. Mpopi si wathu. Chingwe choyanikira chija si chathu. Munthu amene wakupatsa pogona sumuseka, ngakhale atavala diresi chakunja mkati. Ukaona choseketsa m'nyumba ija, umeze, ukasekere ku chimbudzi. Ine ndameza zambiri, nchifukwa chake iwe uli ndi yunifolomu."

"Ndamva Amayi."

"Wamva ndi makutu kapena ndi zala?"

"Ndi makutu, Amayi."

Bodza. Foni itangofika m'manja, chala chinayamba kuchepetsa zilembo, poti chithunzi sichikwana pa zilembo za nyemba zija.

3. Shuga abwera ku chingwe

Madamu anali ndi mwana mmodzi wamkazi, onse ankamuti Shuga. Kalasi imodzi ndi Kadontho, koma kusukulu ankamudutsa ngati mzati wa magetsi. Kunyumba ndiye chikondi chimabwera, makamaka homuweki ikavuta.

Tsikulo anamupeza Kadontho kuseri, pakati pa mashiti oyanika, maso ali psuu.

"Aise, mama andilanda foni yanga yatsopano mpaka mawa. Eti ndimayankha mwano. Ine? Mwano?"

"Pepa."

"Pepa yako sindikuifuna. Ndijambulire mama."

Kadontho anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Shuga sanaseke.

"Ndikupatsa foni yanga yakale ija. Yapinki. Imangokhala m'dirowa."

Heee! Foni yapinki ija Kadontho ankaidziwa bwino, ankaiona akamathandiza mayi ake kusesa kuchipinda kwa Shuga. Kamng'alu kamodzi kokha, batire lamoyo, yosafuna labala. Foni yakeyake, yosadikira kuti mpunga upse.

"Uona wekha eti?"

"Ine ndekha. Ndingoseka mtima utsike, basi."

Kadontho anakhala pa ndowa yovundikira nkuyamba. Wigi ya Madamu, ma @ mizere itatu, yaitali ngati keke ya ukwati. Magalasi. Ndolo zazikulu, ma 8 awiri akulendewera. Kachikwama ka pamkono. Shuga ankasuzumira paphewa akudumphadumpha.

"Ndi iwowo! Mayo ine, wigiyo! Ndi iwowo ndithu!"

Ndipo anali iwowo, zoona. Pakamwa Kadontho anaika kamzere kogona, kowongoka bwinobwino, nkupereka foni.

Shuga anakwinya nkhope. "Pakamwapo wanama."

"Pali bwino choncho."

"Mama pakamwa pawo sipotero. Ukudziwa. Konza."

4. Kamzere kamodzi

Kadontho ankadziwa. Ankadziwa kuposa Shuga amene. Nthawi ya matenda ija Shuga ankatsekera kuchipinda ndi nyimbo m'makutu, pamene mayi ake Kadontho ankawamwetsa Madamu madzi ndi supuni, madziwo nkumatayikira mbali yomweyo. Kadontho ndi amene ankagwira thaulo.

Ndipo ankadziwanso kamzere koyenera. Vuto la luso ndi limenelo, chala chimadziwa mutu usanavomere. Kungochotsa kogonako, kuika kopendekeka aka, /, basi.

"Ayi aise, pamenepo nde ayi."

"Chabwino. Foni ndimupatsa mwana wa agadi."

Shuga anatembenuka, nkuyamba kuyenda pang'onopang'ono ngati mkwatibwi. Kukhitchini kunkamveka mayi akuimba nyimbo ya kutchalitchi, poto akulira.

"Dikira."

Kudina kumodzi. Nkhope yonse inasintha. Sichinalinso chithunzi cha wigi ayi, chinali chithunzi cha pakamwa. Shuga anagwira pamimba nkugwera mu shiti yonyowa, kuseka kosatuluka mawu kuja. Kadontho naye anaseka. Tisamunamizire, anaseka ndithu.

Anatumiza ku nambala ya Shuga, anafufuta mbali yake, anabwezera zilembo za nyemba, nkukapereka foni kukhitchini.

"Lero wafulumira," anatero mayi.

"Batire, Amayi."

5. Tsiku limodzi la ufumu

"Ine ndekha" wa Shuga anatha mmawa mwake atangobwezeredwa foni. Pofika nthawi ya buleki chithunzi chinali pa gulupu ya kalasi. Timankhope toseka tinkagwa ngati matalala. Timoto. Tizigaza, tija timatanthauza kuti ndafa nako kuseka. Anyamata a kalasi yapamwamba anabwera kudzafunsa kuti Kadontho ndi uti. Mtsikana wina anamugulira fizi osapemphedwa.

Ndipo Shuga, Shuga yemwe uja, anamukoleka mkono pakhosi pamaso pa anthu onse!

"Uyu ndi wa kwathu uyu."

Kadontho anayenda ngati pansi pali matiresi. Anafunsa za foni yapinki, Shuga anati mawa, tchaja yasowa.

Koma chithunzi cha zilembo chilibe miyendo yotopa. Sichidya bandulo, sichichedwa kutsegula, aliyense amangokopera nkuponya kwina. Chinachoka ku gulupu ya kalasi kupita ku gulupu ya kwaya. Kuchoka ku kwaya chinakafika kwa mayi wina wogulitsa nsalu moyandikana ndi shopu ya Madamu. Mayiyo, mwa chifundo chake chachikulu, anayenda yekha kukawaonetsa.

Madamu anaitanitsa Shuga ku shopu Lachinayi masana asanaweruke. Anatsegula foni ya mwana wawo, nkufufuza kumene chinthucho chinayambira. Pamwamba pa uthenga panalembedwa dzina limene Shuga anasungira nambala ija: Anti Ochapa.

"Ine sindikudziwa, mama," anatero Shuga. "Chinangobwera."

6. Ndayankha ndekha

Kadontho anafika kunyumba akuimba. Anapeza mayi akusita pakhonde la kuseri, nkhope ili ngwee.

"Lero sindinakudikire," anatero mayi monyadira. "Madamu anatumiza zinthu ziwiri, zazitali zonse. Choyamba zinyalala zokhazokha, timizere, timaziro, mbwee sikirini yonse. Ndinati izi ndi nthabwala zija anandiuza mwana wanga. Ndayankha ndekha."

Kadontho analandira foni.

Pa zilembo za nyemba chithunzi sichinali chithunzi. Mizere inathyokathyoka, wigi pansi, ndolo pamwamba, diso limodzi uku lina uko. Munthu sakanadziwa kuti ndi nkhope. Anachepetsa zilembo, zidutswa zonse zinathamangira m'malo mwake, ndipo Madamu anamuyang'ana ndi pakamwa popendekeka paja.

Pansi pake panali uthenga wachiwiri.

"Make Kadontho, ichi akuti chachokera pa foni yanu. Ine sindikukhulupirira. Inu amene munkandipukuta pakamwa pomwepa? Ndiuzeni kuti si inu, ndikhulupirira mawu anu. Kodi ndi mmene mumandionera masiku onsewa?"

Pansi pa funso limenelo panali yankho la mayi.

👍😂

"Ndakhoza eti?" anafunsa mayi. "Bwanji wangoti duu? Akuti chiyani?"

Kadontho asanatsegule pakamwa, hutala inalira kugeti.

7. Pakhonde la kutsogolo

Madamu sanalowe m'nyumba. Anakhala pa mpando wa pakhonde, kampango m'manja, osaphimba pakamwa. Aka kanali koyamba Kadontho kuwaona panja osaphimba. Shuga anaima kumbuyo kwawo akuyang'ana zikhadabo. Agadi anatseka geti nkumachedwachedwa dala ndi loko.

Mayi anabwera akupukuta manja, akumwetulira, nagwada pambali.

"Mwaswera bwanji Madamu?"

"Mukundifunsa? Si mwandiyankha kale?"

Mawu a Madamu ankatuluka pang'onopang'ono, lililonse movutikira, ndipo palibe anayerekeza kuwadula.

"Make Kadontho, ine anthu akundiseka, ndikudziwa. Ku shopu amandiyang'ana pakamwa, sayang'ana katundu. Ana amanditsanzira ndikadutsa. Zonsezo ndimapirira, ndimati ndi akunja. Ndikalowa pageti ili ndimachotsa kampango, chifukwa muno muli anthu anga. Inu munandiona ndikulephera kumeza madzi. Munandisambitsa. Ndinkati Mulungu wandipatsa mchemwali. Lero ndakufunsani ndi mtima wonse, ndimafuna munene kuti ayi. Ngakhale bodza ndikanalandira. Inu mwandipatsa chala. Ndi kuseka mpaka misozi."

Kumwetulira kwa mayi kunazima pang'onopang'ono. Anayang'ana Madamu, anayang'ana foni ili m'manja mwa mwana wawo. Sankamvetsa chimene chachitika, koma sanafunse. Kufunsa kukanaulula chinsinsi chija. Anangoweramitsa mutu.

"Pepani Madamu."

Apa Kadontho anaona kuti mayi ake ali okonzeka kusenza mlandu umene sakuudziwa nkomwe, bola asadziwike kuti satha kuwerenga. Kadontho akanatha kukhala chete. Shuga ankamuyang'ana ndi maso akuti khala chete.

"Ndine, Madamu."

Onse anatembenuka.

"Ndinajambula ndine. Amayi sanachione nkomwe, pa foni pawo chimaoneka zinyalala. Ndipo uthenga wanu sanawerenge. Amayi satha kuwerenga. Kachalako ndinawaphunzitsa ndine, amangodina pa chilichonse."

Loko wa agadi anasiya kulira.

Mayi anatulutsa kamawu kakang'ono, ngati munthu waponda minga. Sanayang'ane Kadontho. Anakoka nsalu yawo nkuphimba kumaso.

"Anandituma ndi Shuga," anawonjezera Kadontho. "Anati andipatsa foni yapinki."

"Bodza!" anakuwa Shuga. "Mama, muone mu foni ngati muli uthenga woti ndamutuma. Muone!"

Munalibe. Zonse zinakambidwa pakamwa, pakati pa mashiti onyowa, ndipo mashiti sachitira umboni.

 Madamu anayang'ana Kadontho.

"Iwe mwana, za Shuga ndithana naye ndekha, ndimamudziwa mwana wanga. Koma dzanja ndi lako. Wigi ija ndikanaseka nawe. Ndolo ndikanaseka. Koma kamzere kaja sunakapeze pamsewu. Unakaona muno, utagwira thaulo, ine ndili pa bedi. Unali ndi luso loti anthu akuone, iwe wasankha kuti aone chilema changa. Chinthu chimenechi sichifufutika. Chili m'mafoni a anthu amene sindiwadziwa, chidzakhalamo ine nditafa. Wachita bwino kunena zoona, koma zoona zako zabwera nditalira kale. Sindingamadye chakudya mwana amene anandijambula ali pawindo."

Anatembenukira kwa mayi, mawu atafewa, ndipo kufewako ndi kumene kunapweteka kwambiri.

"Make Kadontho, zaka zonsezi osandiuza? Ndikanakuphunzitsani ndekha. Mlandu mulibe. Inu mukhoza kukhala. Koma mwanayu m'mpanda muno ayi. Mwezi ukamatha ndisamuonenso. Mukafuna kupita naye, sindikuletsani."

Ananyamuka, naphimba pakamwa, nalowa m'nyumba. Shuga anawatsatira. Pachitseko anacheuka, koma Kadontho sanadziwe ngati nkhope imeneyo inali yopepesa kapena yoopseza.

8. Werenga

Mayi sanamumenye. Kadontho ankafuna akanamumenya.

Anamaliza kusita malaya onse a Madamu, mpaka timipango. Anapinda. Anakapereka. Podutsa pageti agadi anawapatsa moni mwaulemu woposa masiku onse, mayi anangofulumira. Atabwerera kuchipinda anakhala pa bedi nkuyang'ana khoma.

"Amayi, pepani."

Mayi anapitiriza kuyang'ana khoma.

"Ndimafuna kukupulumutsani."

"Wandipulumutsa," anatero mayi osatembenuka. "Wandivula pamaso pa agadi, wandipulumutsa. Ndinakuuza kuti ukasekere ku chimbudzi. Tsopano ndisankhe chiyani? Ndikatuluka nawe, tikagona kuti, tikadya chiyani? Ndikatsala, iwe upita kuti? Tandiuza, poti ndiwe wophunzira."

 Zala za Kadontho, zija zimadziwa chilichonse, zinangokhala pamaondo.

Mayi anatenga foni natuluka nayo panja. Kadontho anawamva kuseri kwa mashiti akujambula mawu, motsitsa, kutumiza kwa azakhali, mlongo wa malemu bambo ake. Azakhali amenewa amakhala kutali, ali ndi ana aang'ono anayi ndi golosale, ndipo antchito sakhalitsa kwawo.

Dzuwa lisanalowe foni inanjenjemera. Azakhali sanajambule mawu. Analemba, poti nawonso chinsinsi chija sachidziwa.

Mayi analowa, naima pakhomo, natambasula dzanja. M'mpanda monsemo munalibe wina woti awawerengere.

Kadontho analandira. Zilembo za nyemba zija zinali zazikulu moti sakanatha kunamizira kuti sakuona.

"Mubweretseni Loweruka. Wantchito wanga wathawa, ana alibe owalera. Koma za sukulu aiwale kaye, kuno kulibe nthawi imeneyo. 👍"

"Kachalako ndakaona," anatero mayi. "Kameneko ndimakadziwa, avomera. Tsopano ndiuze chimene avomera. Ndipo uwerenge zimene zalembedwa, mwanawe, osati za m'mutu mwako."

Kadontho anayang'ana uthengawo. Anayang'ana yunifolomu yake ili pa msomali, yositidwa kale ndi manja omwewo, yokonzekera mawa. Mayi sakanadziwa. Chilichonse chimene akanatchula, chimenecho ndiye chikanakhala uthenga wa azakhali.

"Akuti chiyani?"

Kadontho anatsegula pakamwa.

"Akuti..."